Wochita sewero akamwalira, uja wa m'sewero amapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje. Analemba kuti: "Amayi anga saphonya masewero aja a pa TV a madzulo aliwonse. Tsiku lina tinamva kuti mmodzi wa ochita sewero wamwalira, koma madzulo ake tinamuona ali bwinobwino, akukangana ndi mkazi wake wa m'sewero. Amayi anangodzuka n'kukagona osadya. N'chifukwa chiyani amamuonetsabe? Nanga nkhani yake amaithetsa bwanji?"

Zikomo amayi polemba. Agogowo sanalakwe kukhumudwa. Munthu amene wakhala akulowa m'nyumba mwanu nthawi ya nsima kwa zaka zambiri salinso mlendo, ngakhale simunagwiranepo chanza.

Chimene chinachitika madzulo amenewo n'chakuti zomwe timaonera lero zinajambulidwa kale. Masewero ambiri amakhala patsogolo ndi masabata angapo, ena ndi miyezi. Days of Our Lives ya ku America imajambula miyezi yoposa 6 zisanaulutsidwe. Bill Hayes, amene ankasewera ngati Doug Williams, anamwalira mu Januwale 2024 ali ndi zaka 98, koma anthu anapitiriza kumuona mpaka pakati pa chaka. Eni sewero sangataye magawo amenewo, chifukwa nkhani za anthu ena onse zalukanalukana momwemo ngati mkeka. Mukasolola mlaza umodzi, zonse zimayamba kumasuka. Choncho olemba amakhala ndi kanthawi, pomwe magawo akale akuulutsidwa, koti aganize chochita.

Chimene amathamangira kawirikawiri ndi kumutumiza ulendo. Jim Davis, amene anali Jock Ewing, bambo wa banja lonse mu Dallas, anamwalira mu Epulo 1981. Olemba sanamuphe msanga Jock. Anati wapita ku South America kukayang'anira ntchito yokumba mafuta, ndipo patapita miyezi, mu 1982, m'pamene uthenga unafika kuti helikopita yake yagwa. Ku Britain nako, Anne Kirkbride wa mu Coronation Street atamwalira mu Januwale 2015, Deirdre, amene iye ankamusewera, anali ali kale kwa mnzake kocheza malinga ndi nkhaniyo, ndipo anamusiya komweko mpaka mu Julayi pamene mnzakeyo anabwera kudzanena za imfa. Kuchedwa kotereku ndimakugwirizana nako. Anzake ogwira nawo ntchito angoika kumene munthu m'manda enieni, ndiye mawa lake muwaimike kutsogolo kwa kamera kuti alire maliro ongopeka? Ngakhale kwathu sitikamba za katundu wa malemu tsiku lomwelo la kumanda.

Koma pali ulendo wina wosabwerako. Ambiri a ife amene tinakulira m'makomboni muno, tikuunjikana m'nyumba ya aneba chifukwa TV inali imodzi mzere wonse, timamukumbukira Sally Spectra wa mu The Bold and the Beautiful, mayi wa tsitsi lofiira ndi pakamwa posaopa munthu. Darlene Conley, amene ankamusewera, anamwalira mu Januwale 2007. Eni sewero anakana kumupha Sally. Anati wapuma pantchito, akudyerera moyo kudziko lakutali m'mbali mwa nyanja. Ndikumvetsa kuti anachita izi mwa chikondi, komabe mumtima mwanga sizinakhazikike. Zili ngati wachibale amene anapita ku Joni kalekale osalembanso kalata: simungamulire, simungamuiwalenso.

Njira imene anthu amadana nayo kwambiri ndi yobweretsa nkhope ina pa dzina lomwelo. Pano ndikufuna ndikhalitse pang'ono, chifukwa ife Achewa kulowa dzina timakudziwa kuposa olemba masewero a ku Los Angeles. Dzina la Kalonga Gawa Undi silifa. Mmodzi akagona, wina amalowa, ndipo anthu amapitabe ku Mkaika ku Kulamba kukagwada. Nyakwawa ikamwalira, mphwake amalowa ufumu n'kutenga dzina. Palibe amene amadandaula kuti nkhope yasintha, chifukwa chimene chikupitirira ndi mpando, ndipo aliyense anaona maliro a woyambayo. Wolowayo sanamizira kuti ndi malemu aja. Vuto la masewero ndi pamene akufuna kuti tidzuke m'mawa n'kuvomereza kuti mlendo uyu ndi yemwe uja tinkamudziwa, popanda maliro, popanda mawu. Dallas yomweyo inayesapo mu 1984, Barbara Bel Geddes atachoka chifukwa cha matenda. Anaika Donna Reed, katswiri ndithu, kuti akhale Miss Ellie, mkazi wa Jock, m'malo mwake. Oonera sanamulandire, ndipo patangotha chaka mwini malo anabwerera. Apatu munthu anali moyo. Akakhala kuti wamwalira, bala limakula. A The Bold and the Beautiful anadzachita mwanzeru mu 2017: anabweretsa mtsikana wina dzina lake Sally Spectra yemweyo, koma monga mdzukulu wa kubanja la Sally wamkulu uja. Kumeneko ndiye kulowa dzina kumene timakuzindikira.

Ndiye pali kumuika m'manda m'sewero momwemo. Kwa ine iyi ndiyo njira yolemekeza onse, malemuyo ndi ife oonera. Larry Hagman, amene ankasewera ngati J.R. Ewing, mwana wa Jock, anamwalira mu Novembala 2012 Dallas yatsopano ili mkati mojambulidwa. Anasonkhanitsa tizidutswa ta zithunzi ndi mawu ake tomwe tinatsala, n'kulemba kuti J.R. waomberedwa ku Mexico, ndipo mu Malichi 2013 anaonetsa maliro ake, anthu akale a m'sewerolo atabwera kudzakhuza. Pambuyo pake zinaululika kuti J.R. ankadwala khansa ndipo imfayo anaikonza yekha kuti akole mdani wake wakale. Munthu wa ziwembu anapita ndi chiwembu, monga mmene oonera ankamudziwira. Sewerolo silinakhalitse iye atapita. Linatha mu 2014.

Koma nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Bill Hayes uja. Julie, mkazi wa Doug m'sewero, amamusewera Susan Seaforth Hayes, amene anali mkazi wake weniweni kuyambira 1974. Ukwati wawo wa pa TV unatsatira mu 1976. Kumapeto kwa 2024, pamene sewerolo linaonetsa imfa ya Doug, mayi amene tinamuona akulira mwamuna wake anali namfedwa weniweni. Sindikudziwa mphamvu zimene munthu amazipeza kuti achite zimenezo, koma ndikudziwa chimene zinapatsa oonera: malo olirirapo. Kuno munthu akamwalira timadziwa kopita. Timamva kumene kuli nyumba ya maliro, azibambo amakhala panja pamoto, azimayi m'nyumba, timagona komweko, timaperekeza ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, timaponya dothi. Oonera TV alibe zonsezi. Gawo la maliro lija ndiye siwa yawo.

Ena amasiya kachizindikiro kokhalitsa. Chithunzi cha Jock chinapachikidwa pakhoma m'sewero kwa zaka zambiri. Macdonald Carey, wochita sewero wa mu Days of Our Lives, anamwalira mu 1994, koma mawu ake anawasiya kuti azitsegulirabe Days of Our Lives tsiku lililonse.

Masewero athu a kuno, kuyambira Kabanana mpaka Mpali ndi Zuba, ali ndi mwayi umene anzathu akunja alibe. Wolemba wa ku Lusaka safunika kupeka mwambo. Akhoza kuonetsa kwaya ikuimba usiku, alamu akukangana za mbale ndi malata, ana akudikira kuti awatenga ndani. Komanso ali ndi udindo wolemera, chifukwa mzinda uno ndi waung'ono: amayi ake a malemu mwina amagula tomato pa msika womwe inu mumagula, ndipo nawonso TV ali nayo. Ndikanakhala ine, sindikanalemba mzere ngakhale umodzi wa imfa ya m'sewero ndisanakhale pansi ndi abale ake n'kuwafunsa zimene angathe kupirira kuziona.

Tsono amayi, za agogowo. Afotokozereni kuti magawo amene akuonawo ndi ntchito yomaliza imene munthuyo anagwira ali moyo, ndipo angathe kumaonera kapena kupumira kaye, zonse zili bwino. Eni masewero nthawi zambiri amalengezeratu sabata imene gawo la maliro lidzaulutsidwe. Mukamva, musawasiye okha pabalaza tsiku limenelo. Phikani msanga, muike foni pambali, mukhale nawo pafupi, ndipo akayamba kusimba za mmene anamuonera koyamba munthuyo, muwasiye asimbe mpaka amalize.