Funsani Amisili: Tapopetsa sepitiki tanki koma kuseri kukununkhabe

FUNSO: Zikomo amisili. Ine ndimakhala ku Mpondasi, nyumba ndi ya toileti yamadzi koma chiyambireni mvula kuseri kukununkha zoopsa, pomwe pali soko wei (dzenje lamiyala lolandira madzi ochokera mu tanki) mpamatope nthawi zonse ndipo udzu wapamenepo ngobiriwira kuposa pena paliponse. Tikafulasha madzi amatsika mochedwa kwinaku paipi ikulira gudugudu. Mwezi watha tinaitana galimoto yopopa koma pano zayambiranso. Kodi anangotidyera ndalama? Mayi wodandaula, Mangochi.

YANKHO: Mayi, opopawo musawanamizire, vuto lanu silili mu tanki koma mu soko wei. Tanki ntchito yake nkusunga zolimba zija kuti zizikhazikika pansi, madzi okha ndi amene amayenera kudutsa kupita ku dzenje lamiyala lija nkumalowerera mu nthaka. Nde tanki ikakhala zaka zambiri osapopedwa (pamafunika zaka 3 mpaka 5 zilizonse, koma ambirife timadikira kaye fungo) zinyalala zimasefukira ku soko wei nkumata miyala ndi dothi ndi zoterera zakuda bii, madzi osalowanso. Apa mungapope kangati, pakangopita masabata angapo tanki yadzadzanso basi.

Komanso kwathu kuno pafupi ndi Shire ndi nyanja madzi a pansi sali patali, nthawi ya dzinja amakwera, mukukumbukira 2024 nyanja itadzadza mpaka kulowa m'maloji. Dzenje lomwe lili kale m'madzi silingamwe madzi ena. Kuti mudziwe chenicheni, tsiku lopopa imani pomwepo muyang'ane paipi yotulukira ku soko wei, mukaona madzi akubwerera mu tanki kuchokera uko ndiye kuti soko wei yatha ntchito kapena yamira.

Pakadali pano chepetsani madzi opita kumeneko, ochapira ndi osamba apatseni kadzenje kawo, mafuta okazingira chambo, mapampasi ndi mapadi asalowe mu toileti olo pang'ono. Ana ndi nkhuku asayandikire pamatopepo, thirani laimu kapena kolorini, kolera ya 2022 ndi 2023 ija Mangochi inatipweteka kwambiri. Ndipo chonde musalole mnyamata aliyense kulowa mu tanki ati akachotse zotseka, mpweya wa mmenemo umakomola munthu osakuwa nkomwe.

Mvula ikatha kumbani soko wei ina pamalo okwererapo, yakaleyo kwirirani. Musanawononge simenti yesani kaye nthaka, kumbani kadzenje muthire madzi, akakhala tsiku lonse osaphwa pamenepo mpamakande, sakani pena. Komwe madzi a pansi ali pafupi bola ngalande zazitali zosazama zokhala ndi paipi yobowola ndi miyala kusiyana ndi dzenje lakuya. Italikire chitsime kapena mjigo ndi mamita 30 kapena kuposa, kutali ndi mitengo ya mango chifukwa mizu imalowa m'mapaipi, ndipo pamwamba pake galimoto isamayimepo. Alangizi a zaumoyo a kwanuko muwaitane adzaone malowo musanakumbe.