Grim's Dyke: nyumba imene inabadwa ikuoneka yokalamba

Mayi wina wokhala ku Watford wandilembera imelo. Akuti anapita ku ukwati pa hotela ya Grim's Dyke ku Harrow Weald, kumpoto chakumadzulo kwa London, ndipo mnzawo anawauza kuti nyumbayo ndi ya m'nthawi ya Mfumu Henry VIII. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso chifukwa chimene boma limaitetezera.

Mayi, anzanuwo si oyamba kuganiza choncho, koma si zoona. Mafumu a banja la Tudor, mmene munali Henry VIII, analamulira England kuyambira 1485 mpaka 1603, pomwe nyumbayi inamangidwa pakati pa 1870 ndi 1872, Mfumukazi Victoria ali pampando. Matabwa akuda opingasa pakhoma loyera, madenga osongoka ndi machumuni ataliatali a njerwa zofiira amene munaona aja, zonsezo anaziikapo dala kuti diso lione ngati ndi nyumba ya makolo. Analemba pulani yake ndi Richard Norman Shaw, yemweyo amene pambuyo pake analemba ya New Scotland Yard, likulu lakale la apolisi a ku London.

Mwini wake anali Frederick Goodall, katswiri wojambula ndi penti, membala wa Royal Academy, bungwe la akatswiri a zaluso ku London. Anatchuka ndi zithunzi za ku Egypt, kumene anapitako mu 1858 n'kubwererako mu 1870: abusa, ngamira, zitsime, nkhani za m'Baibulo. Ntchito yake ankaikonda moti anabwera ndi nkhosa ndi mbuzi za ku Egypt n'kumaziweta pamalopo kuti azizijambula akuziona ndi maso. Choncho mtima wa nyumbayi si pabalaza kapena kuchipinda chogona ayi, ndi chipinda chachikulu chojambuliramo, chimene anachimanga moganizira mmene kuwala kwa dzuwa kuziloweramo. Ine apa ndi pamene ndimaikondera nyumbayi. Kunja inavala zakale, koma mkati inamangidwira munthu wodya thukuta lake, wofuna kuona bwino mtundu wa penti imene akupaka. Amene amainyoza kuti ndi yongotengera amaiwala zimenezi.

Goodall sanakhalitsemo. Mu 1880 anaigulitsa kwa Robert Heriot, mkulu wa kubanki. Zithunzi zake zinayamba kusowa ogula pamene zokonda za anthu zinasintha, ndipo pofika 1902 anali atagwa m'ngongole zosatheka kubweza. Anamwalira mu 1904.

Dzina limene anthu ambiri amalidziwa pa nyumbayi ndi la W. S. Gilbert, mlembi wa masewero oimba amene ankagwira ntchito ndi wopeka nyimbo Arthur Sullivan. Iye anaigula mu 1890, ndipo chipinda chojambuliramo chija chinasanduka cha nyimbo ndi cholandiriramo alendo. Ankaweta nyama zosiyanasiyana, kuphatikizapo anyani, ndipo anakumbitsa dziwe lalikulu loti azisambiramo. Pa 29 May 1911 ankaphunzitsa atsikana awiri kusambira. Mmodzi atafika pakuya n'kukuwa, Gilbert, ali ndi zaka 74, anadumphiramo kuti akamuthandize, koma mtima wake unaima ali m'madzimo. Mtsikanayo anapulumuka. Mayi Gilbert anapitiriza kukhala m'nyumbayi mpaka imfa yawo mu 1936.

Pali kankhani kena kamene ndimakakonda. Chiboliboli cha Mfumu Charles II chimene chili ku Soho Square, pakati pa London, chinakhalapo ku Grim's Dyke zaka zoposa 60. Anachichotsa ku Soho m'zaka za m'ma 1870, Goodall n'kuchiika pamalo a nyumba yakeyi, ndipo chinabwerera kwawo mu 1938 potsatira zofuna za Mayi Gilbert. Mukadzadutsa ku Soho mukachione.

Kenaka nyumbayi inalowa m'manja mwa makhonsolo n'kukhala malo ochirirako odwala chifuwa chachikulu cha TB mpaka 1963. Itatsekedwa inayamba kuwonongeka, ngakhale opanga mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV ankabwera kudzajambulirapo. Inasanduka hotela cha m'ma 1970.

Tsopano za chitetezo. Ku England nyumba zofunika pa mbiri kapena pa luso la kamangidwe zimalembedwa m'kaundula amene bungwe la boma la Historic England limasunga, ndipo zili m'magulu atatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Zambiri zili m'gulu lotsirizali. Grim's Dyke ili mu Grade II*, mmene muli nyumba pafupifupi 6 zokha pa 100 zilizonse za m'kaundulamo. Sikuti boma linailanda; mwini wake amakhala mwini ndithu, kungoti sangagumule khoma, kusintha mawindo kapena kuchotsa zokongoletsa zamkati popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo kutero ndi mlandu. Saiteteza chifukwa cha Henry VIII, amene anamwalira mu 1547, zaka zoposa 300 njerwa yoyamba isanaikidwe. Amaiteteza chifukwa ndi ntchito ya Shaw, ndiponso chifukwa cha anthu awiri aluso amene anakhalamo.

Ngati anzanuwo akufunabe chinthu chakale zedi, atuluke panja. Pamalopo pamadutsa ngalande ndi mchumbu wadothi wotchedwa Grim's Ditch, umene anthu anaukumba zaka mazana ambiri mafumu a Tudor asanabadwe, ndipo ndi umene unapatsa nyumbayi dzina. Mukadzapitakonso, pemphani akuonetseni mchumbuwo komanso pamene panali dziwe la Gilbert.