Katundu wa pa bwalo la ndege uja kulibe, musatumize ndalama

Mayi, mwafunsa ngati mutumize ndalama za msonkho wa katundu amene bambo wa ku London, yemwe munadziwana naye pa Facebook, akuti wakutumizirani ndipo wagwidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu. Chonde musatumize ngakhale tambala imodzi, chifukwa katunduyo kulibe.

Akuba oterewa amayamba ndi mawu okoma kwa milungu ingapo, kenaka amakusamutsirani ku WhatsApp, ndipo mukapempha kuti muonane pa vidiyo sasowa chifukwa chokanira. Zithunzi zawo amaba kwa anthu ena. Mukaziika pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi pa intaneti, nthawi zambiri mumazipeza zili ndi dzina lina. Msonkho weniweni umalipidwa ku bungwe lotolera misonkho la MRA ndipo amakupatsani lisiti, sutumizidwa pa nambala ya munthu ya Airtel Money kapena Mpamba. Mukalipira kamodzi, akubawo adzabweranso, nthawi ino akukuopsezani kuti m'katundumo mwapezeka madola ndipo mumangidwa mukapanda kupereka chindapusa, ndipo mantha amenewa ndi amene amamalizitsa anthu ambiri ndalama za bizinesi.

Ndikudziwa kuti n'zowawa kukayikira munthu amene wakhala akukufunsani za moyo wanu tsiku ndi tsiku, koma musamutumizire chiphaso chanu kapena zithunzi zachinsinsi, chifukwa adzakuopsezani nazo. Sungani mauthenga onse ndi manambala amene anakupatsani musanamutseke, mukaonetse kupolisi, ndipo ngati munatumiza kale kena kake, dziwitsani kampani ya foni lero lomwe. Muuzenso m'bale wanu mmodzi amene mumamukhulupirira kuti akuperekezeni.