Pulogalamu ya DOS ya bambo anu siinafe, koma musaikakamize pa laputopu yatsopano

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Kasungu. Akuti bambo awo ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo kwa zaka zoposa 20 akhala akulemba katundu ndi ngongole za makasitomala mu pulogalamu yoyenda pa MS-DOS (mwachidule DOS), dongosolo lakale loyendetsa kompyuta lomwe linalipo Windows isanabwere. Kompyuta yakale yafa, agula laputopu yatsopano, aika DOS pa fulashi, koma laputopuyo ikukana kuyaka nayo. Funso lawo ndi lakuti, kodi akulakwitsa pati?

Achimwene, imelo yanuyi ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinangoti duu, chifukwa inandikumbutsa malemu amalume anga.

Amalume anali ndi kasitolo ka masipeyala a njinga ndi galimoto ku Limbe. Pakona, kuseri kwa kauntala, panali kompyuta ya 486 yomwe inali itasanduka yachikasu ndi fumbi, sikirini yake ija ya chimsana chachikulu. Pulogalamu yawo inalembedwa mu Clipper, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndipo anawalembera mnyamata wina amene pambuyo pake anapita ku Joni osabwereranso. Sikirini ya buluu, zilembo zoyera, popanda chithunzi chilichonse. Ndimawaonabe mpaka lero, magalasi atatsikira pamphuno, akulemba ndi zala ziwiri zokha. Kasitomala akati "mabuleki a Humber", asanamalize n'komwe, amalume adina kale F2, mtengo watuluka. Kenako pulinta ija ya mapepala a mabowo m'mbali inkayamba kulira kuti tswiii, mpaka wogulitsa mandasi panja ankadziwa kuti mkatimo mwagulidwa chinthu.

Tsiku lina magetsi anathima, n'kubwerera mwamphamvu. Fungo la pulasitiki yopsa linadzaza sitolo yonse. Anandiitana ine, poti ndinali mphwawo wophunzira za makompyuta. Ndinachita zomwe mukuchita inuzi: ndinaganiza kuti yankho ndi kugula kompyuta yatsopano n'kuikamo DOS. Ndinataya masabata atatu ndikulimbana nazo, pomwe hadi disiki yakale, yomwe munali zonse, inali m'kabati itakulungidwa m'nyuzipepala. Masabata atatu amenewo amalume ankalemba m'kope la ana asukulu. Anthu ena amene anali ndi ngongole atamva kuti kompyuta yapsa anayamba kukana, ena mpaka kulumbira kuti analipira kalekale. Amalume sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Madzulo aliwonse ankangofunsa kuti, "Mphwanga, mayina aja alipo?" Funso limenelo limandipwetekabe.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikamva anthu akuuza achikulire kuti tayani zakalezo, gwiritsani ntchito Excel kapena pulogalamu ya pa intaneti. Amene amanena zimenezi sanaimepo kuseri kwa kauntala pa Loweruka m'mawa, mzere utafika pakhomo. Pulogalamu yomwe munthu waigwiritsa ntchito zaka 20 imakhala ili m'zala zake. Siifuna bandulo, siifuna kulipira mwezi ndi mwezi, siisintha maonekedwe usiku iye ali mtulo. Kumulanda pulogalamu imeneyo ndi kumusandutsa mlendo m'sitolo yake yomwe. Ndipo DOS siinafe monga ena amaganizira. MS-DOS inatuluka mu 1981 pamodzi ndi IBM PC, ndipo yomaliza kugulitsidwa payokha inali 6.22, mu 1994. Chaka chomwecho Jim Hall, ali pa yunivesite ku America, anayambitsa ntchito yopanga DOS yaulere, yomwe lero timaitcha FreeDOS. Ya 1.0 inatuluka mu 2006, ya 1.3 mu 2022, ndipo anthu akuikonzabe. Ngakhale a Microsoft eni ake anatulutsa poyera malemba omwe anapangira MS-DOS 4.0 mu 2024.

Pomwepa ndinenenso za malaputopu aja amene pa bokosi pake pamalembedwa kuti "FreeDOS". Ambiri amawagula chifukwa ndi otsikirako mtengo, kenako amadabwa akayatsa n'kupeza sikirini yakuda ndi kachilembo C kakuphethira. Opanga amaikamo FreeDOS kuti asalipire laisensi ya Windows, basi. Sikuti makinawo anapangidwira DOS ayi. Ndakumanapo ndi anthu angapo amene ankaganiza kuti anawagulitsa chinthu chakufa.

Koma ndikanenso mbali inayo, chifukwa ndasintha maganizo pa zaka zimenezi. Alipo anzanga okonda zakale amene amalimbikira kuti DOS yeniyeni iyenera kuyaka pa chitsulo chenicheni, osati m'kati mwa pulogalamu ina. Ngati ndi zosangalatsa zawo za Lamlungu masana, palibe vuto. Koma sitolo ya munthu si malo oyeserera. Bambo anu sakufuna DOS. Akufuna mayina, mitengo ndi ngongole, ndipo akufuna kuti F2 ichite zomwe yakhala ikuchita. Aliyense amene akukuuzani kuti mulimbane ndi laputopuyo mpaka itheke akukutayitsani masabata atatu omwe ine ndinataya.

Chomwe chikukanitsa laputopuyo

Simukulakwitsa kanthu. DOS payokha siidziwa kuyankhula ndi disiki, kiyibodi kapena sikirini. Imadalira BIOS, kapulogalamu kakang'ono kokhala pa bolodi ya kompyuta, kuti kaigwirire ntchito zimenezi. Ikafuna kuwerenga disiki imaitana BIOS kudzera pa lamulo lotchedwa INT 13h, ikafuna kulemba pa sikirini imaitana INT 10h. Makompyuta atsopano alibe BIOS yotereyi, ali ndi ina yolowa m'malo mwake yotchedwa UEFI. Kwa zaka zingapo UEFI inkabwera ndi gawo lotchedwa CSM, lomwe linkanamizira kukhala BIOS yakale kuti zinthu ngati DOS ziziyakabe. A Intel, opanga mapurosesa, analengeza kuti pofika 2020 asiya kuthandiza CSM, ndipo malaputopu ambiri opangidwa kuchokera nthawi imeneyo alibiretu. DOS ikuitana, woyankha palibe. FreeDOS nayonso imafuna BIOS, ndiye kusintha dzina sikuthetsa vutolo.

Ngakhale itayaka, mavuto ena akudikira kutsogolo. MS-DOS 6.22 imawerenga madisiki okonzedwa mwa njira zakale za FAT12 ndi FAT16 zokha, ndipo gawo la disiki silingapitirire 2 GB. Pulinta yakale inkalumikizidwa pa LPT1, doko lalikulu la mabowo 25 lomwe pa laputopu ya masiku ano simungalipeze, ndipo DOS siidziwa pulinta ya USB. Palinso vuto lina lodabwitsa: mapulogalamu ambiri olembedwa m'chilankhulo cha Turbo Pascal amafa ndi uthenga wakuti "Runtime error 200" pa purosesa yothamanga kuposa 200 MHz kapena chapompo. Akamayaka amayeza liwiro la makina, nambala yotulukayo imakula kuposa malo omwe anaisungira, pulogalamu n'kugwa. Tangoganizani, kufa chifukwa makina athamanga kwambiri. Ndinakumana nalo vutoli pa pulogalamu ya malipiro ya kasukulu kena, ndipo aphunzitsi ankaganiza kuti ndi vairasi.

Mwina mungaganize zotsegula pulogalamuyo m'kati mwa Windows momwemo. Pa Windows ya 32-bit zinkatheka, mpaka pa Windows 10. Ya 64-bit siiyendetsa mapulogalamu a DOS, ndipo Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha.

Ya amalume inatha bwanji? Ndinapeza kachingwe kosinthira IDE, cholumikizira cha madisiki akale, kukhala USB kwa mnzanga wina wokonza makompyuta. Nditalumikiza disiki ija inalira kaye kuti kwiii, mtima wanga uli m'mwamba, kenako foda inatseguka. Mafayilo a DBF, omwe pulogalamuyo inkasungiramo mayina ndi mitengo, onse analipo. Sitolo yonse, zaka zonse zija, inali yosakwana ngakhale 20 MB, yochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp. Nditawaonetsa mayina pa sikirini, amalume anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya malaya, osayankhula.

Ndiye achimwene, chitani izi. Isiyeni kaye laputopuyo. Chotsani hadi disiki mu kompyuta yakufayo, muilumikize ndi kachingwe ka USB, mukopere foda yonse ya pulogalamuyo pamodzi ndi mafayilo a AUTOEXEC.BAT ndi CONFIG.SYS, chifukwa m'menemo muli mizere ngati FILES= yomwe mapulogalamu a Clipper ndi dBASE amaidalira. Musunge malo atatu osiyana. Kenako ikani DOSBox-X, pulogalamu yonamizira kukhala kompyuta ya DOS, pa laputopu yatsopanoyo, ndi yaulere, muiuze kuti foda ija ndiyo disiki C, mutsegule pulogalamuyo. Imathanso kugwira zomwe pulogalamu ikutumiza ku LPT1 n'kuzisunga mu fayilo yoti musindikize. Ikavuta, yesani FreeDOS m'kati mwa VirtualBox, pulogalamu yopanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa laputopuyo. Ngati mafayilo ali a DBF, LibreOffice Calc, pulogalamu yonga Excel, imawatsegula, choncho ngongole mutha kuziona lero lomwe, bola mutsegule fayilo yomwe mwakopera osati yeniyeniyo. Mukafunabe chitsulo chenicheni, gulani desikitopu yakale ya kaunjika yomwe mu BIOS mwake muli mawu akuti Legacy kapena CSM, muzimitse Secure Boot, mupange fulashi ya FreeDOS ndi pulogalamu ya Rufus.

Disiki ikayamba kugogoda mukailumikiza, izimitseni nthawi yomweyo, musaiyatsenso, mundilembere. Ndipo muwauze bambo kuti kope lomwe akulembamo panopa asalitaye, adzafunika kulowetsa zonsezo pulogalamu ikadzuka.