Za geni yakunja ija munafunsa, achemwali

Achemwali, munafunsa kuti geni yokaoda katundu kunja imayenda bwanji, komanso ngati kampamba kanu ka ku banki m'khonde kangakwane. Kangakwane, bola pakamwa pazigwira ntchito, chifukwa ulendo wonsewu ndi wonenerera basi.

Ife a ku Lilongwe ambiri timalowera ku Tanzania, kutulukira pa Songwe, kenako Kyela kapena mpaka ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Ena amapita ku Joni kudzera pa Dedza. Koma inu oyamba kumene yambani ndi Chipata. Ndi pafupi, chilankhulo timamvana, ndipo pa Mchinji pali dongosolo la COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa) la amalonda ang'onoang'ono: katundu wosapitirira madola 2,000, wopangidwa ku Zambia komweko, amene ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, salipiridwa dyute. Misonkho ina ngati VAT imakhalapobe. Tanzania sili mu COMESA, ndiye musakalimbane ndi a MRA, otolera misonkho aja, pa Songwe kuti mwamva zoterezi.

Musanalowe m'sitolo muzikhala mutawerengera kale. Chitenje ichi ku Area 2 chikugulitsidwa zingati? Chotsanipo thiransipoti, msonkho, kudya ndi phindu lanu. Yotsalayo ndiye malire anu, ndipo musauze munthu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, amene amagula mwachimbulimbuli amabwerako ndi katundu wokongola koma wosatuluka.

Yendani masitolo atatu kaye osatulutsa chikwama. Chinthu chikakudololani, nkhope isaulule. Funsani mtengo wa chimodzi, kenako wa dazeni, mukhale chete. Chetechete ameneyo amamuyabwa wogulitsa, amayamba kutsitsa yekha. Akakakamira pa mtengo wake, siyani za mtengozo, pemphani zina: akuikireni basela, avomere kudzasintha zong'ambika, mnyamata wake akunyamulireni mpaka pa basi. Zimenezi sakana kawirikawiri, pomwe kwa inu ndi ndalama ndithu. Komanso musamufinye mpaka kumukwiyitsa, mudzamufuna tsiku lina mukadzaperewera.

Kondakitala mugwirizane naye mtengo wa katundu zikwama zikadali pansi. Zikangokwera, mawu mulibenso. Pa boda pokha ndi pomwe sindinenerera: malisiti enieni m'manja, kulipira, kulandira risiti ya MRA. Anyamata olonjeza njira zachidule aja asiyeni, katundu akalandidwa iwo saoneka.

Komwe mpamba umathera kwenikweni ndi kunyumba. Mwangofika kumene, zikwama simunamasule n'komwe, azakhali atulukira: "Mwanawe, ichi nditenge, ndikupatsa kumathero a mwezi." Kuwakana maso ndi maso n'kudziputira nkhani pa mtundu wonse. Ine ndimati, "Zakhali, chimenechi ndi chanu, ndachiika pambali. Tumizani theka pa Airtel Money, Loweruka mudzatenge." Sindinawakane, koma chitenje sichinatuluke.

Alamu anganso mukambirane nawo musananyamuke, osati akamadzafuna ya mafuta a galimoto. Sankhani nthawi yoti adya, ana agona, kope lili pa tebulo. Awone okha kuti iyi ndi ya mpamba, siikhudzidwa, iyi ndi phindu, tithandizana pa fizi ndi ndiwo. Muwafunsenso chomwe chikuwadetsa nkhawa. Nthawi zambiri si ndalama ayi, ndi masiku ogona m'njira aja ndiponso woyang'anira ana, ndiye zimenezo muzikonzeretu tikiti musanagule.