Kodi Mawu Oti "Kusautsa" Anatha Ntchito?

Mayi wina amene akulemba nkhani yopeka wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili. Agogo ake, mwana akamalira usiku wonse, ankakonda kunena kuti, "Mwana ameneyu ndi wosautsa," koma iye atayika mawuwa m'kamwa mwa mtsikana wa m'nkhani yake, amene anawerenga anamuuza kuti masiku ano palibe amayankhula choncho, anthu amangoti "wobowa". Akufuna kudziwa ngati mawu awiriwa ali ndi tanthauzo limodzi, komanso ngati kuli koyenera kuti awafufute.

Mayi, musafulumire kufufuta, pakuti mawu awiriwa sanena chinthu chimodzi. "Kusautsa" anachokera ku "kusauka", monga momwe "kutulutsa" anachokera ku "kutuluka", kapena "kukumbutsa" ku "kukumbuka". Ambiri lero tikamva za kusauka timangoganiza za munthu wopanda ndalama, koma akuluakulu akati "ndasauka naye mwanayu" sanena za umphawi, akunena kuti azunzika naye mpaka kusowa pogwira. Choncho chinthu chosautsa ndi chimene chimachititsa munthu kusauka motero, ndipo n'chifukwa chake mawuwa ndi olemera kuposa "kukwiyitsa". Munthu akakupondani chala pokwera minibasi, wakukwiyitsani, ndipo pofika kunyumba mwaiwala. Koma udzudzu umodzi umene walowa m'neti, umene umalira pakhutu mukangoti mugone, n'kukhala chete mukayatsa nyali, n'kuyambiranso mukazimitsa, umenewo ndiwo wosautsa, chifukwa sukusiyani ndipo mulibe kothawira mpaka tambala alire.

"Kubowa" ndi mawu obwereka kuchokera ku Chingerezi, ndipo ine sindidana nawo, chifukwa achinyamata anawapatsa ntchito yawoyawo. Amene wabowa timangomutembenukira kumbuyo n'kumapita. Wosautsa sitingamusiye, kawirikawiri chifukwa ndi wathu: mwana wodwala, mlamu amene amafika m'mawa uliwonse kudzabwereka khasu, kapena chilonda chimene chikukana kupola. Mwina munaonanso kuti agogo anu ponena mawuwa sankamukankha mwanayo, ankamubereka kumbuyo n'kumamugwedeza, kudandaula kuli pakamwa, manja ali pantchito.

Chimene chimachititsa kuti mawuwa amveke achikale, ndikuganiza, ndi tchalitchi. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 pambuyo pa ntchito yomasulira imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ladzaza ndi "masautso", "nsautso" ndi "chisautso". Amene anakulira m'mapemphero amakumbukira Salimo 46, pamene Mulungu akutchedwa thandizo lopezekeratu m'masautso, mawu amene timawamva kwambiri pamaliro. Mu Mlaliki 1:14 muli mawu oti zonse ndi chabe ndi kungosautsa mtima, ndipo apa omasulira anayenda njira imodzi ndi Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, pamene Mabaibulo ambiri atsopano amati kuthamangitsa mphepo. Mibadwo ingapo yamva mawuwa kuchokera pa guwa, kotero kuti ngakhale akanenedwa za nsikidzi, amabwera ndi kafungo ka ulaliki.

Kafungo kameneka ndiko kamene wolemba waluso amakagwiritsa ntchito. Mawuwa akatuluka m'kamwa mwa gogo, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa yoweruza mlandu wa malire a munda, owerenga amamva msinkhu wa woyankhulayo popanda inu kutchula zaka zake. Mukawayika pa kanthu kakang'ono, monga bambo wokwiya amene akutcha nkhuku ya mnansi wake "chisautso cha mudzi uno", mumapeza nthabwala, chifukwa mawu aakulu avala kanthu kochepa. Mu ndakatulo ya chilala kapena ya maliro amakhala bwino osafuna kuwakankhira. Pamene amalakwika ndi pamene wolemba awamwaza pa tsamba lililonse pofuna kuoneka wodziwa Chichewa chakuya, pakuti kachitatu kokha owerenga amayamba kumva wolembayo m'malo momva munthu wa m'nkhani.

Tsopano za mtsikana wanu uja. Ngati ndi wa m'tauni ndipo akudandaula kwa mnzake za mnyamata amene akumutumizira mauthenga pa WhatsApp usiku, amene anakudzudzulani sanalakwe, mulekeni anene kuti "akundibowa". Koma ngati analeredwa ndi agogo ake kumudzi, ndipo tsopano ali yekha m'chipinda cha lendi ndi khanda limene lakana kugona, muloleni anene kuti "mwana iwe ndiwe wosautsa", kenaka adzidzimuke pozindikira kuti wayankhula ndi mawu a agogo ake.