Za mtsuko wa chidindo cha Qianlong: musafulumire kulipira

Achimwene, mwafunsa ngati mtsuko wa ku China wa maluwa apinki umene mwauona pa intaneti, wokhala ndi chidindo cha mfumu Qianlong kunsi kwake, ukuyenera mapaundi 400, komanso momwe ungatumizidwire osasweka. Za katumizidwe ndisiyira ena. Ine ndinena za chidindocho, popeza ndi chimene chinandilowetsa m'madzi.

Amene akuuzani kuti chidindo ndi umboni wokwanira akusokeretsani. Qianlong analamulira kuyambira 1736 mpaka 1795, koma amisiri a ku Jingdezhen, mzinda wa ku China wotchuka poumba mbale ndi mitsuko, anapitiriza kulemba dzina lake pa mbale ndi mitsuko iye atamwalira kalekale, ena pomulemekeza, ena pofuna kupusitsa ogula, ndipo mpaka lero akulembabe. Ine ndinagulapo mbale yotere kwa wamalonda wina ku London pa mapaundi pafupifupi 300, nditakopeka ndi zithunzi zokha. Nditapita nayo kwa katswiri, iye sanalabadire n'komwe za chidindo. Anaitembenuza, napapasa mkombero wakunsi umene mbale imakhalira, nandionetsa kuti litsiro lake linali lopakidwa dala kuti ioneke yakale. Ataiunika ndi tochi ya UV, ya kuwala kwapadera koonetsa pamene panamatidwa, mng'alu womatidwa mwaluso unaonekera kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Mbaleyo inali ya zaka za m'ma 1900, ndipo ndalama zanga sizinabwerere.

Choncho pemphani zithunzi za kunsi, za m'kati ndi za maluwawo chapafupi, ndipo wogulitsa akazengereza, musiyeni. Utoto wa maluwa apinki otere, wotchedwa famille rose, umene unafala m'nthawi ya mfumu Yongzheng cha m'ma 1720, umapakidwa pamwamba pa dongo lowotcha kale n'kuwotchedwanso pa moto wocheperapo, motero chala chimaumva kuti watukuka, ndipo pa chinthu cha zaka 250 umakhala utaperepeseka pena ndi pena. Mukaona mawu akuti Made in China, dziwani kuti chinapangidwa m'zaka za m'ma 1900 kapena pambuyo pake.

Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimakonda mbale za m'ma 1700 zimene zinkapangidwira msika wa ku Ulaya. Zambiri zilibe chidindo chilichonse, ndipo m'maokushoni aang'ono a ku Britain imodzi imapezeka pa mapaundi 100 kapena 200, mukaonjezerapo gawo la eni okushoni, lomwe limafika kotala la mtengowo. Mukaipeza, muziitsuka ndi manja m'madzi ofunda mutayala kansalu pansi pa beseni, chifukwa makina otsukira mbale amadya utotowo ndi golide yemwe.